Hotela ya Nkhosa ku Roma

Chaka chija thonje linatikana, inu ndevu zisanamere, ine Zakeyo Phiri wa kuno kwa Zingalume ndinakwera ndeke kupita ku Roma, ndipo wina akakuuzani kuti ndinatsinzina ulendo wonse, dziwani kuti ndi nsanje, ine ndinkathandiza woyendetsa ndi mapemphero. Senderani kuno, manja azisenda nshawa, makutu mundibwereke.

Anatiitana ndi mwana wathu Tereza, uja ndi nesi ku Ulaya, chifukwa amayi ake, aNabanda, chikwatirireni ine nyimbo yawo inali imodzi, yoti asanafe akamve Misa ya Lamulungu m'tchalitchi chachikulu cha ku Roma. Ndipo Lamulungu lake linali limodzi lokha, poti mkati mwa sabata tinali kubwerera. Tereza, mwana woleredwa bwino, anatumiza zithunzi za mahotela pa foni, nati, "Atate, sankhani ndinu. Koma yoyambayo ili pafupi ndi tchalitchi."

Inu ana a lero mumasankha pogona ndi chala, kupalasa galasi ngati nkhuku padzala, koma ife kale, poyenda wapansi kukagulitsa fodya ku Chipata, tinali ndi lamulo. Dzuwa likapendeka sunkaodira nyumba ya m'mbali mwa msewu, poti m'menemo mumakhala kachasu ndi nsikidzi. Unkapatuka, n'kuyang'ana khomo la nkhokwe yodzaza ndi khola kuseri, pakuti mwini ziweto sagoneka mlendo ndi njala. Lamulo limeneli linandinenepetsa ine kuchokera kuno mpaka ku Tete, moti eni midzi ankalimbirana mkeka woti andiyalire.

Tsono ndinayang'ana chithunzi choyamba chija. Nyumba ili pamsewu penipeni, pansi pake anthu akhala pamipando panja, akumwa dzuwa likuswa mtengo. Ndinati, "Iyi ndi shabini. Mkazi wanga woimba kwaya agone pamwamba pa zidakwa?" Yachiwiri inali yaitali yoboola mitambo, koma pabwalo popanda ngakhale nkhuku imodzi, njala yokhayokha. Kumapeto ndinaona nyumba paphiri, mitengo, nkhokwe ya miyala, ndi nkhosa zili mbuu. Ndinaidinda ndi chala mpaka foni inazima.

ANabanda anati, "Bambo a Tereza, mwafunsa kutalika kwake?"

Ine ndinati, "Mayi, Roma ndi mishoni chabe. Ingakule kuposa pa boma pa Chadiza?"

Usaseke, iwe wa chipewa, safunsa anadya phula, koma phula la ku Ulaya si aliyense analilawa.

Titatera, Tereza anatikweza takisi, ndipo tinayenda, tinayenda, nyumba zinatha, mashopu anatha, tinayamba kuona minda. Mwana ndi amayi ake akungoyang'anizana, ine ndekha ndikuyamikira nthaka. Koma nkhosa zinalipodi, zonenepa ngati mathole, ndipo mwini nyumba, nkhalamba ya chizungu, anatidyetsa nyama mpaka lamba wanga anapempha chikhululukiro. Lamulo langa silinaname, ndikunena pamaso panu.

Lamulungu m'mawa aNabanda avala chitenje chawo chatsopano, korona ili m'manja, ndiye timve kuti kumeneko basi siyenda Lamulungu, ngati kwa Mlolo nthawi ya dzinja. Tereza anaitana takisi, koma inali kutali. Agogo anu aNabanda anangokhala pakhonde, misozi ili m'maso, ndipo ine mtima unandiwawa. Ndinaona njinga ya mzungu uja itatsamira khola, ndinati, "Mayi, kwerani pakaliya. Ine ndinanyamulapo nkhumba yamoyo ndi matumba a chimanga nthawi imodzi."

Tereza akukuwa, "Atate, dikirani!" ife tapita. Potsetsereka ndinapitirira magalimoto, ndinapitirira sitima, mbalame zinkandipatukira. Koma misewu ya kumeneko imazungulira ngati njira za mbewa, ndipo aliyense amene ndinamufunsa, m'Chichewa, m'Chibemba, ngakhale ndi manja, ankangondimwetulira. Takisi ija inatipeza pachitunda, ine ndikukankha njinga, aNabanda akukankha ine.

Pofika pa tchalitchi chachikulu chija, anthu anali akutuluka ngati ngumbi, mabelu akulira otsazika. Ndipo pambali pomwepo ndinaizindikira shabini yanga ija, yoti munthu ukanapita ku Misa utavala patapata. ANabanda anagwada pamiyala panja, anapemphera nthawi yaitali, kenako anadzuka, nasasa chitenje, nati, "Bambo a Tereza, mwandikweza ndeke kuchoka kwa Zingalume kudzandigoneka kwa Zingalume wa azungu. Nkhosa kwathu kulibe?"

Chibwerereni, Lamulungu lililonse amandidzutsa tambala asanaganize zolira, n'kukhala pakaliya, amvekere, "Palasani, katswiri wa ku Roma." Timafika ku tchalitchi akatekisiti asanapeze makiyi. Anthu amati ndi chilango, koma ine ndikudziwa kuti mayi atalawa liwiro langa sangakhulupirirenso woyendetsa wina.

Choncho adzukulu anga, mukadzapita ku mizinda ya eni, yambani mwafunsa kuti chimene mwapitira chili kutali bwanji ndi pogona panu. Nkhokwe ndi khola muzikaziyang'ana pofunsira mbeta. Ndipo taonani, agogo anu ndi awo akubwera ndi lichero. Wotchula nkhosa pano agona ndi njala, ndipo woyamba kugona nayo ndine.