Anandiphunzitsa nchito imene inali yao

Ba muulutsi, muwelenge chabe, dzina langa lisamveke.

Ndine mtsikana wa ku Chelstone. Nditasowa malo ku koleji, kampani ina yonyamula katundu ku Emmasdale inanditenga kuti ndiphunzile nchito chaka chimodzi. Anandipeleka kwa bambo ena a imvi, amene anali kuyang'anila kapakilidwe ka katundu m'mathilaki.

Tsiku loyamba kupakila ndekha, ndinaika katundu wa ku Kabwata mkati mwenimweni, chonsecho ndiye wotsika poyamba. Dalaivala anabweza thilaki akutukwana. Bambo aja sanandikalipile. Anavula jekete, tinatsitsa makatoni onse tili awili.

"Mwana wanga, katundu woseluka poyamba ukwela pothela," anatelo. Kwa abwana anakanena kuti olakwa ndi iwo eni, osati ine.

Chaka chitatha, abwana anandiitana ku ofesi. "Nchito waipeza. Uyamba pa Mande." Sindinafunse kuti ndikulowa m'malo mwa ndani. Nditatuluka ndinapeza bambo aja akulongedza kapu yao ndi Baibulo m'pulasitiki.

"Ba tate, sinenze kudziwa," ndinatelo.

"Ine nenze kudziwa kuchokela tsiku unabwela," anayankha. "Yenda, thilaki ya ku Chunga ikulindila."

Ndinapitadi kukapakila.

Amayi anga anakapeleka umboni ku chalichi kuti ndapeza nchito, anthu nkuomba m'manja. Mpaka lelo sindinakondwele, sindinalilenso. M'mawa uliwonse ndimapakila monga bambo aja anandiphunzitsila, nkukhala pa mpando wao. Nambala yao ndili nayo mu foni, koma sindinawaimbile.