Mayi Genoveva Mbewe, Otiwerengera Nyuzipepala pa Komboni

Malemu mayi athu, Mayi Genoveva Mbewe, anabadwa pa 9 Juni 1951, pa pulazi ya fodya kufupi ndi Chinhoyi. Makolo awo anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito kuno.

Sukulu anayamba mu 1959, papulazi pomwepo. Analekezera Sitandade 4. Koma kuwerenga sanasiye. Chitini, thumba la feteleza, chikwangwani cha basi, zonse ankawerenga mokweza.

Mu 1968 analembedwa ntchito kunyumba kwa mwini pulazi. Ankapatsidwa nyuzipepala zakale zoti aziyatsira moto. Iwo moto ankayatsira zitsononkho, nyuzipepalazo n'kupita nazo kukomboni. Lamlungu lililonse, anthu akaweruka kutchalitchi, malemu ankakhala pakhonde n'kumawerengera anthu, uku akumasulira m'Chichewa. Lamulo lawo mukulidziwa nonse. Pepala lisang'ambidwe lisanawerengedwe. Azibambo ofuna lopichirira fodya ankayenera kumvetsera kaye mpaka tsamba la mpira.

Mmodzi mwa odikirawo anali Bambo Laxon Mbewe, oyendetsa thirakitala. Anabwerera pepala basi. Anadikira Lamlungu loyamba, lachiwiri, mpaka chaka chinatha. Mu 1972 ukwati unadalitsidwa. Malemu ankakonda kunena kuti anakola mwamuna ndi nyuzipepala ya mwezi watha. Anawaphunzitsanso amuna awowo kuwerenga, movutikira ndithu.

Mu 2002 pulazi inasintha manja. Nyuzipepala zinasiya kubwera. Malemu anayamba kukwera kombi Lachisanu kukagulitsa tomato ku Chinhoyi. Pobwerera, m'dengu munkakhala nyuzipepala yatsopano, ya dziko lonse kapena ya m'tauni mwathumu.

Dandaulo lawo linali limodzi. Komboni yathu inkatchulidwa pokhapokha nyumba zikapsa kapena ng'ombe zikabedwa. Analumbira kuti sadzafa asanamve nkhani yabwino ya kuno itasindikizidwa. Ena ankawaseka. Iwo ankati sekani, ine sindikufulumira.

Mu 2021 maso anachita ng'ala. Mu Novembala 2023 anadwala mtima, nagonekedwa m'chipatala kawirikawiri. Ana anada nkhawa kuti lumbiro lija lipita pachabe. Koma mdzukulu wawo Ruvimbo, amene anakulira pakhonde lija, anali atayamba utolankhani. Analemba za khondelo, za gogo ake, ndi za ana a m'komboni amene anaphunzira zilembo pamenepo. Nkhaniyo inatuluka pa 8 Malichi 2024, ndi chithunzi chomwe.

Ruvimbo anathamangira nayo kuchipatala. Malemu sakanatha kuona. Amene anawawerengera ndi Bambo Laxon, pang'onopang'ono, chala chili pamzere. Malemu ankawakonza akaphonya. Kenako anaseka mpaka anamwino anabwera kudzaona. Atapuma, anachenjeza amuna awo kuti tsamba limeneli lokha asayerekeze kupichirira fodya.

Anatisiya mwamtendere pa 17 Malichi 2024, Lamlungu, tsiku lawo lowerenga.

Asiya amuna awo, ana anayi, Jesinta, Reason, Selestina ndi Lovejoy, zidzukulu khumi ndi ziwiri, ndi komboni yonse yodziwa za m'dziko.

Banja likuthokoza anamwino, amayi a mpingo amene anagona kuchipatala, adzukulu okumba manda, ndi oyendetsa makombi amene ankawasungira mpando wakutsogolo.

Tsamba lija lili apa, pabokosi, losang'ambika. Bambo Laxon amvera. Mayi Genoveva, nkhani yanu yatuluka ndipo mwaimva. Mzimu wanu uuse mumtendere.