Dokotala Wamawa ndi Cholembera M'khutu

Pamzere wodikira basi, mtsikana wovala chikhoti choyera ankatokosa m'khutu ndi cholembera. Bambo wina wachikulire kumbuyo kwake analephera kuugwira mtima.

"Pepani mayi, ndinu adokotala?"

"Ndikuphunzira kumene, bambo."

"Ndiye kusukuluko sakuuzani? Ine khutu ili linatseka chifukwa chotokosa ndi machesi. Chaka chachitatu chino."

"Amatiuza ndithu kuti khutu limadziyeretsa lokha. Mayeso ake ndinakhoza. Koma likayabwa, nzeru zimathawa! Nanga inuyo anakupimani?"

"Ayi, ndinangoti basi ndagontha."

"Mwina munangokankhira phula m'kati. Limachoka limenelo. Mubwere kuchipatala Lachinayi, aphunzitsi athu adzakuoneni."

"Moti mdzukulu wanga n'kumamumvanso bwinobwino?"

"Zikhoza kutheka, bambo."

"Ndibwera. Koma adzandigwire aphunzitsiwo, inu mudzangoonerera!"