Suti Imene a Chrispine January Anaichepetsa Okha

Malemu anabadwa pa 14 Juni 1958 ku Nsanje, ndipo anapatsidwa dzina la Chrispine January. Sukulu anailekezera Sitandade 8. Mu 1979 anabwera ku Limbe kudzaphunzira utelala, ndipo mu 1985 anamanga banja ndi mayi Felicia, nakhazikika ku Chilobwe. Ine ndikuwerengane ndine Salome, mwana wawo woyamba. Digiri yanga inachokera pa makina awo osokera aja a pakhonde.

Amene munadyapo nawo mukudziwa kuti bambo sankasiya kanthu m'mbale. Ankati kusiya chakudya n'kunyoza wophika.

Mu Febuluwale 2018 anawapeza ndi khansa ya m'mimba. Chilakolako cha chakudya chinathera pomwepo. Fungo la nyemba, ndiwo yawo yapamtima, linayamba kuwachititsa nseru. Mayi anayesa phala lotsira nsinjiro, anayesa thobwa, chambiko, nthochi zokanya. Bambo ankangolawa n'kunena kuti, "Amake Salome, zakoma, koma pakhosi pakana." Adokotala anatiuza kuti matendawo ndiwo akudya thupi, ndipo ngakhale atamaliza mbale, aziwondabe. Tinamva. Mawa lake tinaphikanso.

Inu odzazonda munkabwera ndi makontena a chakudya, ndipo tikuthokoza. Ena munabwera ndi funso, n'kukalifunsira kuseri kwa nyumba: kodi mkaziyu akuwadyetsa koma? Zenera la kuchipinda linali lotsekula. Bambo anamva.

Anadzikoka n'kukakhala pa makina, nayamba kuchepetsa mathalauza ndi malaya awo, kuti mukabwera musaone kuwondako n'kuloza chala mkazi wawo. Mwezi ukatha, ankachepetsanso. Miyendo italephera kupalasa makina, ankasoka ndi singano yapamanja atatsamira pilo. Ife tinkangowalowetsera ulusi.

Anatisiya pa 9 Novembala 2018, kunyumba, phala la m'mawa likuzirala pa mpando.

Asiya mkazi, ana awiri, ine ndi mlongo wanga Davie, komanso mdzukulu mmodzi, Tisungeni.

Tikuthokoza anamwino amene ankatiuza zoona, amayi a Mvano, ndi atelala anzawo a ku Limbe. Mukamadutsa kudzaona nkhope, muona kuti suti yawakwana bwino. Anaichepetsa okha. Mukatero, mayi akhala apo, mukawagwire dzanja.

Bambo, sitikukakamizaninso kudya. Mzimu wanu uuse mumtendere.