Laputopu Yomwe Sinafike ku Mzuzu

Pa siteji ya Njakwa, mayi wina wofukata laputopu yakale anakhala pabenchi limodzi ndi bambo yemwe sankamudziwa. Onse ankadikira minibasi ya ku Mzuzu.

"Yafa imeneyo, mayi?"

"Kaya. Ndi ya kusukulu kwathu ku Henga. Ndalemba ndi ana omwe ndimawaphunzitsa pulogalamu yoti akaonetse pa mpikisano Lachisanu. Pa laputopu yanga ikuyenda bwinobwino, koma pa iyi, yomwe atenge anawo, ikukana. Ndikupita nayo kwa okonza."

"Tayatsani ndione, ntchito yanga ku boma ndi yomweyi. Ayi, ndi yamoyo iyi. Vuto ndi kompaila, ija imasandutsa zomwe mwalemba kukhala pulogalamu. Ya muno imatsata malamulo akale a C, chiyankhulo chomwe mwalemberachi, pomwe inu mwalemba motsata atsopano."

"Ndiye tiyambirenso zonse?"

"Ayi. Pamalo ikukanapo lembani mawu oti #if, muyambe mwaifunsa kompailayo kuti imatsata malamulo a chaka chiti. Ikati atsopano, idzere apa. Ikati akale, muilembere njira ina, idzere apo."

"Nanga ikapanda kuyankha?"

"Zilipo zotero, sizitchula chaka n'komwe. Yotereyo ingoiyesani yakale, musalimbane nayo."

"Dikirani ndiyese. Apa... ndi apo... Ii, yadutsa. Taonani, adada, yadutsa!"

"Pa yanu ija ikayendanso, osasintha kalikonse."

"Yewo chomene. Njira yonseyi ndimaganiza mmene ndikawauzire ana aja kuti sapita."

"Minibasi ija ndi iyo. Tiyeni."

"Kwerani inu, adada. Ine ndiwoloke msewu, ndidikire yobwerera."