Mmene Khoti Linandipatsira Hawa, Mwana wa Mnzanga

Moni nonse abale ndi alongo amene mumawerenga zimene ndimalemba pano, kaya muli kuno ku Joni kaya kumudzi. Ambuye akusungeni. Ambiri munaona kuti ndinakhala chete miyezi yambiri, ndipo ena munafika pondifunsa ngati ndikudwala. Thupi linali bwinobwino. Ndinali pa nkhondo yofuna kuti boma lindivomereze kulera mwana wa mnzanga amene anamwalira, ndipo mantha amene ndinali nawo nthawi imeneyo sindinawaonepo chibadwire. Lero ndikufuna ndikuuzeni mmene Mulungu anandidutsitsira.

Kwa amene simundidziwa, dzina langa ndine Esnati, kwathu ndi ku Balaka. Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Midrand, koma ndimakhala ku Diepsloot, m'kanyumba ka malata ka zipinda ziwiri kamene kuno timati mukhukhu. Amuna anga anamwalira kalekale, ndipo ana anga awiri ali kumudzi ndi mabanja awo. Khomo loyang'anizana ndi langa linali la Patuma, mayi wa ku Mangochi, amene ankagulitsa magwinya, mandasi a kuno aja, pokwerera matakisi. Iye anali Msilamu, ine Mkhristu, koma zimenezo sizinatilekanitsepo. Tinkatunga madzi pa mpopi umodzi, ndipo makiyi anga ankakhala kwa iye ndikapita kuntchito.

Patuma anali ndi mwana mmodzi, Hawa, wa zaka khumi ndi zisanu, wobadwira konkuno. Bambo ake anachoka Hawa ali wakhanda ndipo sanamvekenso. Chaka chatha m'nyengo yozizira Patuma anayamba kutupa miyendo. Anagonekedwa m'chipatala, madokotala anati ndi impso, ndipo patatha milungu itatu anatisiya. Tsiku lomaliza limene ndinakamuona anandigwira mkono n'kunena kuti, "Achemwali, Hawa musamusiye. Amalize sukulu." Ndinavomera msangamsanga monga mmene munthu amayankhira wodwala, osadziwa kumene mawu amenewo adzandifikitse.

Titaika maliro, Hawa ananyamula chikwama chake n'kudzalowa kwanga. Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Kumudzi mwana wamasiye akalowa m'nyumba mwako, walowa, palibe wokufunsa chikalata.

Patatha mwezi kunabwera a Yusufu, alongo ake a Patuma, amene amagwira ntchito mufakitale ina ku Kya Sand. Kuchipatala sanafikeko, koma tsiku limenelo anakhala pampando wanga n'kunena kuti iwo ndi mwinimbumba ndipo abwera kudzatenga mwana. Anati amupezera malo kwa mnzawo amene ali ndi shopu, azikathandiza kugulitsa n'kumagona komweko. Nditafunsa za sukulu, anaseka.

"Inu ndinu ndani kwa mwana ameneyu?" anandifunsa. "Muli ndi pepala lanji? Cholinga chanu tikuchidziwa, mukufuna kumulowetsa tchalitchi. Anthu onse a ku mzikiti ali mbali yanga."

Ndinapempha kuti andipatse nthawi, ndipo anachoka akunena kuti abweranso. Atangotuluka, Hawa anandiuza kuti pa tsiku la maliro anawamva amalume akewo akulankhula pafoni. Mwini shopuyo ndi bambo wamkulu, wa imvi kale, ndipo sankafuna wogulitsa. Ankafuna mkazi.

Abale, funso lija la pepala linandilowa m'mafupa, chifukwa linali loona. Ndinalibe chilichonse. Mphunzitsi wa Hawa ndi amene anandilozera ku ofesi yoona za ana, ndipo kumeneko ndinakumana ndi mayi wina wachizulu amene tinkamutchula kuti Sisi Nomsa. Anandifotokozera mosabisa kuti mwana wotere amaperekedwa kwa wachibale, kapena amapita kumalo osungirako ana, kapena khoti la ana limamupereka kwa munthu amene laona kuti ndi woyenera. Anati ngati ndikufuna njira yomalizayi, ndibweretse chikalata cha imfa ya mayi, umboni wa kubadwa kwa mwana, kalata ya kuntchito ndi pasipoti yanga.

Pa pasipoti m'pamene panali bala langa. Pemiti yanga yokhalira m'dziko muno inali itatha, ndipo ndinali ndi kalisiti kokha kosonyeza kuti ndinapempha ina. Inu amene muli kuno mukudziwa mmene mtima umagundira galimoto ya polisi ikangoima pafupi ndi takisi. Tsono ine ndinayenera kukalowa ndekha, ndi miyendo yanga, ku polisi kukadinda zala kuti aone ngati ndinapalamulapo mlandu, kenako kukaima pamaso pa woweruza ndi kalisiti kameneko. Amayi anzanga a kutchalitchi anandiletsa. Wina anati, "Eish, Esnati, usayerekeze. Akakugwira akakutumiza kumudzi, mwanayo n'kutsala yekha. Wa eni ndi wa eni, m'bwezere." Sankanena mwa nkhanza. Ankandiopera, ndipo inenso ndinkadziopera.

Ndinakhala milungu iwiri osabwererako ku ofesi kuja. Ndinkangouza Hawa kuti akaweruka azithamangira kunyumba, akafika azinditumizira uthenga wa mawu amodzi, "ndafika." Nthawi ikamayandikira fili koloko manja anga ankasiya kugwira ntchito. Ndinkasita zovala za madamu, abwana anga, foni ili pambali pa ayironi, maso ali pa foni.

Lachinayi lina uthenga sunabwere. Folo koloko inakwana, zii. Ndinaimba, foni yozimitsa. Ndinapempha madamu kuti ndiweruke, ndinakwera takisi, ndipo ulendo wonse ndinkangoti Yesu, Yesu, osatha kupanga pemphero lomveka. Kunyumba kunali kokhoma. Kusukulu geti linali lotseka. Ndinayenda msewu ndi msewu ndikufunsa aliyense, mpaka mayi wina woluka tsitsi anandikodola kuchokera mu saluni yake. Hawa anali atakhala pansi kuseri kwa katani, atakumbatira mabuku. Anaona amalume ake ataima pageti la sukulu ndi bambo wina m'galimoto, ndiye anatulukira kumbuyo n'kuthawira mmenemo, foni n'kuzimitsa kuti asamuimbire.

Mmawa mwake ndinapita kwa Sisi Nomsa ndi pasipoti ndi kalisiti kanga. Ndinaika patebulo n'kunena kuti, "Zanga ndi izi, sisi. Chitani zimene muchite."

Musaganize kuti zinthu zinayenda pomwepo. Ku polisi ndinadinda zala, koma sanandigwire. Sisi Nomsa anabwera kudzaona nyumba, anayang'ana pogona Hawa, anatsegula ndi kabati ya zakudya, uku akulemba. Titapita kukhoti koyamba anatibweza chifukwa Hawa anali ndi khadi la sikelo lokha, tinayenera kukafufuza ku chipatala chimene anabadwira. Kachiwiri tinapeza a Yusufu atafika kale. Anauza khoti kuti ine ndi munthu wapadera, wa chipembedzo china, ndipo mawu amene ndikuti Patuma anandisiyira ndangowapeka. Woweruza, mayi wa magalasi wolankhula motsitsa, anandifunsa ngati panali wina amene anamva mawuwo. Panalibe. Anati tibwerenso pakatha milungu inayi, ndipo ngati sipapezeka umboni wina, mwana ayamba wapita kumalo osungirako ana nkhani ikufufuzidwa.

Milungu inayi imeneyo sindifuna kuikumbuka. Chakudya chinkandikana. Ndinkakhala m'takisi n'kupitirira potsikira. Ndinasala masiku atatu, koma pemphero langa silinali lokongola ngati la anthu olimba. Ndinkauza Mulungu kuti, "Munandipatsiranji mwana amene simufuna kuti ndimusunge? Ndinakulakwirani chiyani?" Tsiku lina ndinatsala pang'ono kuimbira a Yusufu kuti tikambirane, mwina alole kuti Hawa azipita kusukulu ali kwa iwo. Nambala ndinaitulutsa, koma chala chinakana.

Panali munthu mmodzi amene ndinkamuopa kwambiri, Shehe Bwanali, mkulu wa kamzikiti ka m'dera lathu. Ndi bambo wokalamba amene anabwera kuno nthawi ya migodi, wosaseka wamba, woyenda ndi ndodo. Hawa amapita kwa iwo Loweruka lililonse kukaphunzira za chipembedzo chake. Chifukwa cha mawu a a Yusufu aja, ndinkati ndikawaona patali ndimakhota njira. Sizinandibwerere n'komwe m'mutu kuti ndikawafunse kanthu.

Tsiku la khoti litafika, tinalowa m'khonde lodikirira, ndipo munthu woyamba kumuona anali Shehe, atavala mkanjo woyera, atakhala benchi limodzi ndi a Yusufu. Ndinati basi, zatha. Ndinawapatsa moni, anangogwedeza mutu.

Titalowa, a Yusufu ananena kuti abweretsa mtsogoleri wa chipembedzo chawo kuti achitire umboni. Shehe anaimirira pang'onopang'ono n'kuyamba kulankhula Chifanakalo cha kumigodi, mpaka woweruza anamwetulira n'kuwapempha kuti alankhule chilankhulo chawo, womasulira alipo. Ndiye analankhula Chichewa, ndipo mawu awo ndikuwakumbuka bwino.

"Yusufu anandipempha kuti ndibwere, ndipo ndinamuuza kuti ndikanena zimene ndikudziwa. Patuma anandiitana kuchipatala kuti ndikamupempherere. Anandiuza kuti mwana wake wamusiya m'manja mwa mayi awa, ndipo anandipempha kuti ndijambule mawu ake pafoni, chifukwa mlongo wake ankamudziwa. Sindinkadziwa kuti nkhaniyi yafika kukhoti, ndikanabwera kale."

Anatulutsa foni m'thumba. Abale, ndinamva mawu a Patuma m'chipinda cha khoti, ofooka, akupuma movutika, akutchula dzina langa kawiri. Hawa anagwira diresi yanga n'kuyamba kulira, ndipo ine sindinkaonanso kanthu.

Shehe anapitiriza kuti, "Kunena zoona, inenso ndinali ndi chikaiko. Ndinkayang'ana. Mwana uyu sanajombepo Loweruka ngakhale limodzi. Mpango wake sanavule. Mwezi wa Ramazani mayi awa ankadikira dzuwa lilowe kuti adye naye limodzi, pamene iwo si a chipembedzo chathu. Za kukwatiwitsa mwana wa sukulu, zimenezo musaziike pa mzikiti wathu. Ndi za Yusufu yekha." Anawonjeza kuti anaimbira agogo ake a Hawa ku Mangochi, ndipo nawonso anati mwana akhale pamene mayi ake anamusiya.

A Yusufu anayesa kulankhula, koma woweruza anawakhazika pansi. Kenako anatitulutsa tonse n'kutsala ndi Hawa ndi Sisi Nomsa. Mphindi zimenezo zinatalika ngati chaka, chifukwa nkhani ya pemiti inali isanakhudzidwe. Atatiitananso, woweruza anatenga kalisiti kanga, anakayang'ana nthawi yaitali. Anati kakusonyeza kuti ndinatsata njira yake, ndipo pemiti ikatuluka ndidzaionetse kwa Sisi Nomsa. Kenako anawerenga chigamulo chakuti Hawa akhale m'manja mwanga mwalamulo, ndipo wina aliyense asamuchotse popanda chilolezo cha khoti.

Panja ndinafuna kugwada pamaso pa Shehe, koma anandiletsa ndi ndodo yawo. Anangoti, "Thokozani Mulungu, mayi. Mwanayo muzimuuza azifika pa nthawi yake, amachedwa."

Taonani mmene Ambuye amagwirira ntchito. Mboni imene inandipulumutsa sindinaifunefune ine. Inabwera ndi munthu amene ankalimbana nane, ndipo inali munthu yemwe ndinkamuthawa mumsewu. Masiku onse amene ndinkalira kuti ndilibe umboni, umboniwo unali m'thumba la mkanjo, nyumba zochepa kuchokera pakhomo panga.

Sindikunamizani kuti nkhawa zonse zatha. Pemiti yanga sinatulukebe, ndipo khoti lidzaunikanso nkhaniyi pakapita nthawi. Mtima umagundabe ndikaona nambala yachilendo pafoni. Mundikumbukire m'mapemphero. Koma ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokoza Sisi Nomsa, mphunzitsi uja, mayi wa saluni, ndi madamu anga amene ankandilola kujomba osandichotsa ntchito.

Kwa inu amene mukusunga mwana wa eni kuno ku Joni popanda chikalata, ndikukupemphani, musadikire tsiku loti wina adzagogode. Pitani mukafunse, ngakhale muli ndi mantha. Ndipo inu amene mwapemphera mpaka mawu kutha, musaleke. Mulungu amamva ngakhale pemphero lokwiya ngati langa lija.

Dzulo lomweli ine ndi Hawa tinakangana chifukwa cha mbale zosatsuka. Anandiyankha mwano, analowa kuchipinda n'kumenyetsa chitseko mpaka malata onse analira. Ndinaimirira kuti ndikamukalipire, koma ndinapezeka ndakhala pansi ndikuseka, misozi ikutsika. Miyezi yonseyi mwana ameneyu ankayenda monyang'ama m'nyumba mwanga ngati mlendo woopa kuthamangitsidwa. Dzulo anamenyetsa chitseko ngati mwana wa pakhomo. Mbalezo anatsuka ndithu, koma ulemerero ndinapereka kwa Mulungu. Ameni.