Mayi Enelesi Chikaonda ndi Dothi la Bambo Awo

Abusa, akulu a mpingo, amayi a Chigwirizano, anzathu a ku kiliniki, ndi inu nonse mwadzaza bwalo lino, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu. Banja la a Chikaonda ndi banja la a Kachingwe andituma kuti ndiyambe ndi kuthokoza. Ena mwachokera ku Gweru, ena ku Gokwe pa misewu ija yothyola msana, ena mwatuluka m'maenje a golide fumbi likadali m'tsitsi. Anansi athu a Chishona, tinotenda nekuuya kwenyu, tathokoza kubwera kwanu. Tsopano ndiloleni ndiwerenge mbiri ya mayi athu agona apawa.

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1963 m'komboni ino, m'kanyumba ka kuseri kwa holo yakale ya mgodi. Anali achiwiri mwa ana asanu a Bambo Feston ndi Mayi Olipa Kachingwe. Bambo Feston anachoka kwawo ku Dedza mu 1954, pa magalimoto a Ulere amene ankatuta anyamata opita ku migodi. Anatsazika amayi awo kuti akagwira ntchito zaka ziwiri, akagula njinga ndi bulangete, abwera. Njinga anagula, bulangete anagula, koma njira yobwerera inamera udzu. Mudzi wawo unatsala pakamwa pokha. Ankasimbira ana za phiri lovala mtambo m'mawa, za chitsime cha pansi pa mkuyu, za mbatata ya kachewere yoti ziwiri zimadzaza mphika. Motero malemu anakula akudziwa tinjira ta mudzi umene sanaupondemo kuposa misewu ya kuno ku Shurugwi.

Sukulu anayambira pa pulayimale ya mgodi mu 1970. Atamaliza Giredi 7 anapita ku Gweru, kumene ankakhala ndi azakhali awo m'dera la Mambo, ndipo analekezera Fomu 2 chifukwa cha kuchepa kwa m'manja. Mu 1982 analembedwa ntchito yothandiza anamwino pa kiliniki ya mgodi. Kumeneko anaphunzira kumanga mabala, kuyeza ana pa sikelo, ndi kumasulira madandaulo a akuluakulu athu, amene Chishona chawo chinkathera pa kugula buledi.

Pa 10 Ogasiti 1985 anamanga ukwati woyera m'tchalitchi chathuchi ndi Bambo Godwin Chikaonda, amene ankakonza mapampu pansi pa mgodi. Mulungu anawapatsa ana atatu, kuyambira ndi Praymore. Analowa Chigwirizano cha amayi mu 1990, ndipo amayi mukudziwa kuti nyimbo ikasowa woiyamba, maso onse ankatembenukira kwa iwo.

Mu Juni 1999, Bambo Feston anagonja ndi fumbi la mgodi limene linawatseka chifuwa. Ali pa mphasa anaitana mwana wawoyu n'kumuuza m'chilankhulo chawo chija chosakaniza ndi cha pansi pa mgodi: "Enelesi, chayile yakwana, ndikuweruka. Thupi ligone konkuno, aziko ndaba, palibe kanthu. Koma ukatape dothi pa manda panga, ukalithire pa manda a amayi anga kumudzi, adziwe kuti Feston wafika." Ana athu obadwa dzulo mwina simuudziwa mwambo umenewu. Ife machona, mnzathu akagona kutali ndi kwawo, timatapa dothi la pa manda ake n'kulipititsa kumudzi, kuti abale alire nawo ndi kumulandira. Malemu anavomera. Anatapa dothilo, analithira m'kabotolo koyera kothera mapiritsi, n'kukaika pamwamba pa kabati, pambali pa Baibulo. Kuyambira tsiku limenelo moyo wawo unali ndi ulendo umodzi woudikira.

Mu 2001 mgodi unatsekedwa, ndipo kiliniki inapachikidwa loko. Nthawi yomweyo ambiri a ife tinauzidwa kuti ndife alendo m'dziko limene tinabadwiramo. Chitupa cha malemu chinali ndi chilembo chija cha mlendo, kotero pasipoti sakanaipeza. Kabotolo kanadikira. Mu 2008, njala ndi kolera zitatigwera pamodzi, khonde la nyumba yawo ndilo linasanduka chipatala. Analibe china koma madzi owiritsa, mchere, shuga pang'ono ndi pemphero. Ena a inu mwakhala apa chifukwa cha khonde limenelo.

Mu 2010 kunabwera thandizo lochokera kwa anthu a maiko akutali, kudzera ku unduna wa za umoyo. Loko anamuchotsa. Denga linakonzedwa, mjigo unakumbidwa, kunabwera firiji yoyendera dzuwa yosungiramo katemera, ndi njinga yamoto yonyamula makhololo kupita nawo kokayezedwa. Kunabweranso namwino wathu, Sisita Runyararo, pamodzi ndi mankhwala a TB ndi otalikitsa moyo. Tisabise ubwino: zaka zija tinkakumba manda sabata ndi sabata, koma thandizoli litafika makasu a bungwe la maliro anayamba kuchita dzimbiri. Anthu amene sitinawaonepo nkhope anatichitira chifundo ngati cha mlendo uja anamanga mabala a munthu wogona m'mbali mwa njira.

Malemu anasankhidwa kukaphunzira ntchito ya zaumoyo yoyenda khomo ndi khomo, ndipo anapatsidwa gawo lovuta koposa. Mankhwala a TB amamwedwa tsiku lililonse kwa miyezi isanu ndi umodzi. Wowasiyira panjira matenda amamubwerera atakula mphamvu, n'kupatsiranso a m'nyumba mwake. Tsono anthu athu ndi awa: madala a mgodi oopa chipatala chifukwa chosowa chitupa, ndi makorokoza, okumba golide mwaokha aja, amene akangomva kuti golide watuluka kuseri kwa phiri amaiwala ndi nsapato zomwe. Lamulo la ntchitoyo linali lakuti wodwala amwe mankhwala wina akuona. Malemu analitenga lamulolo ngati pangano. M'mawa uliwonse ankaima pakhomo la wodwala, kapu ya madzi ili m'manja, n'kunena kuti, "Meza ndione." Akameza ankawonjezera kuti, "Yasamula, mdala, lilime m'mwamba. Ndinalera ana atatu ine, sungandibisire piritsi m'tsaya." N'chifukwa chake komboni yonse, Achewa ndi Ashona omwe, inkawatchula kuti Mbuya Meza, ndiko kuti Agogo Meza.

Mu 2014, malamulo atasintha, pasipoti inatuluka. Bambo Chikaonda anawagulira chikwama chatsopano. Njira anali ataiphunzira kale kwa amalonda oyenda ku Malawi: Harare, Nyamapanda, mlatho wa ku Tete, kenaka mphepo yozizira yokuuza kuti Dedza wayandikira. Koma panali wodwala amene anali pakati pa mankhwala ake, ndipo malemu anati munthu samusiya pakati pa mtsinje. Ameneyo atawoloka, wina anali atalowa kale m'madzi. Chaka chinatha, china chinatha. Bambo Chikaonda ankaloza pa kabati n'kuseka kuti, "Mai Praymore, apongozi anga m'botolomu amera mizu." Iwo ankayankha kuti, "Adikira kuyambira nthawi ya Ulere. Miyezi isanu ndi umodzi ingawatopetse?" Koma ana akutiuza kuti Loweruka lililonse, popukuta fumbi pa kabati, ankakatenga kabotoloko n'kukhala nako pampando, maso ali kum'mawa. Mu 2020 anatsimikiza zonyamuka, mliri n'kutseka malire.

Chaka chino ana anasonkherana n'kuwagulira tikiti ya basi ya mwezi wa Epulo. Mphwawo wa Bambo Chikaonda, a Jimu, amene amachita malonda pakati pa kuno ndi Lilongwe, anakafufuza mudziwo, anaupeza, ndipo anauzako abale kuti mwana wa Feston akubwera. Malemu anasoketsa diresi, anagula shuga ndi nsalu zokapatsa anthu amene ankangowadziwa maina. Ankayenda ngati mtsikana.

Mu Febuluwale tinamva kuti gawo lalikulu la thandizo lija laima. Zifukwa zake zinakambidwa kutali, m'zipinda zimene ife sitidzalowamo. Chimene tinaona kuno n'chakuti njinga yamoto inaimikidwa, kangachepe kamene oyenda m'makomo ankalandira kanatha, ndipo anzawo a malemu anabalalika kukasaka chakudya cha ana awo. Sitikuwaweruza. Sisita Runyararo anatsala okha ndi mzere wa odwala wofika kumsewu. Masiku omwewo a Leeroy, bambo wa ana awiri amene amakumba golide ku maenje akale, anayambanso mankhwala a TB. Poyamba anali atawathawapo, ndipo Sisita ananena poyera kuti akawasiyanso ulendo uno sadzaona mvula. Woti aziwaimira pakhomo panalibe. Malemu anamasula chikwama, anabwezera diresi m'kabati, n'kuuza ana awo kuti, "Musandikwiyire. Leeroy akameza lomaliza mu Ogasiti, m'mawa mwake ndili m'basi."

Kuyambira pamenepo ankayenda wapansi kupita ku maenje, wopanda malipiro, m'chisanu cha Juni chija. Anayamba kudandaula mutu ndi chizungulire. Makina oyezera kuthamanga kwa magazi pa kiliniki anali atafa kalekale, ndipo mapiritsi ake ankabwera mwa apo ndi apo, pakuti matenda amenewa sanali m'gulu la matenda amene thandizo linkalipirira. Mayi amene anamwetsa komboni yonse mankhwala, awoawo ankamwa modumphitsa. Pa 11 Ogasiti, akuchokera kwa a Leeroy, anagwa panjira pafupi ndi mjigo. Mbali imodzi ya thupi inafa. Tinathamangira nawo ku chipatala chachikulu ku Gweru, kumene madokotala anayesetsa. Mawu anali atawachokera, koma mwana wawo Natsai akalowa m'chipindamo, ankakweza dzanja lotsalalo n'kuloza pakamwa. Natsai anamva. Anatenga kapu ya amayi ake, m'mawa uliwonse n'kumayamba wapita ku maenje asanakwere minibasi ya ku Gweru, ndipo akafika ankawanong'oneza kuti, "Ameza, amayi." Pamenepo ankatseka maso n'kupuma bwino.

Lamulungu pa 24 Ogasiti 2025, nthawi imene ife kuno tinali m'mapemphero, Ambuye anawaitana. Anali ndi zaka 62. Phiri lovala mtambo sanalione. Anafanana ndi mtumiki uja amene anatsogolera khamu m'chipululu, dziko lolonjezedwa n'kungolionera patali.

Kwa inu a boma ndi a mabungwe mwabwera kudzatipepesa, banja likuti zikomo, ndipo mukapereke zikomo ameneyu kwa amene anatithandiza zaka zonsezi. Pempho lathu ndi limodzi, lopanda mkwiyo. Mukadzatikumbukiranso, mudzakumbukire munthu yense wathunthu, osati matenda awiri okha, ndipo mudzaisiye kiliniki yathu itaima ndi miyendo yake, kuti tsiku lina wonyamula kapu adzathe kupita kwawo wina n'kumugwirira.

Malemu asiya amuna awo, Bambo Godwin Chikaonda. Ana atatu, Praymore, Atuweni ndi Natsai. Adzukulu asanu ndi awiri. Ndi mng'ono wawo, Mayi Phyless, amene amakhala ku Somabhula. Tikuthokoza Sisita Runyararo, amene anawaperekeza mpaka ku Gweru atavala yunifolomu ya dzulo lake. Tikuthokoza amayi a Chigwirizano chifukwa cha nyimbo ndi moto wosazima, bungwe la maliro chifukwa cha bokosi, ndi makorokoza amene anakana kuti wina aliyense agwire khasu, amvekere manda a Mbuya akumba okha.

Ndatsala ndi mawu awiri. Dzulo m'mawa, maliro ali m'nyumba, Natsai anatuluka mwakachetechete ndi kapu ija. A Leeroy ameza mapiritsi awo omaliza. Ali pakati pathu pano, ndi amene atsogole ponyamula bokosi. Wodwala wawoloka, ndiye palibenso chowagwira mayi athu. Tikamaliza kukwirira, Bambo Chikaonda atapa dothi la pa manda a akazi awo n'kulithira m'kabotolo komwe kaja, pamwamba pa la apongozi awo. Lachisanu a Jimu ndi Natsai akwera nalo basi, kudzera ku Nyamapanda ndi ku Tete. Monga ana a Israele ananyamula mafupa a kholo lawo potuluka m'dziko laukapolo, ifenso tikutumiza athu. Bambo Feston anachoka okha pa galimoto ya Ulere. Abwerera ndi mwana wawo, akamusonyeze kwa agogo ake.

Mayi Enelesi, chayile yakwana. Ikani kapu pansi, muuse mu mtendere kufikira tsiku limene tidzakomane ku mudzi wosafuna pasipoti.

Ndipo inu nonse mwamva mbiriyi, Mulungu wa alendo ndi machona akusungeni. Akupatseni wokuimirani pakhomo pa tsiku la kudwala kwanu, akuyendetseni bwino pobwerera, ndipo aliyense wa inu amufikitse kwawo. Ameni.